Dokotala wa Ana ndi Chiyankhulo cha Pakhomo ku Tafara

M'dziko la Zimbabwe madokotala a matenda a maganizo ngoŵerengeka. Kafukufuku amene bungwe la WHO, loona za umoyo pa dziko lonse, lidafalitsa m'chaka cha 2020 adasonyeza kuti madokotala otereŵa sankakwana 20, ndipo pafupifupi onse ankagwira ntchito mumzinda wa Harare, chonsecho kalembera wa mu 2022 adapeza kuti dzikolo lili ndi anthu opitirira 15 miliyoni. Bungwe lomweli limati mwa achinyamata 7 alionse a zaka za pakati pa 10 ndi 19, mmodzi ali ndi vuto la maganizo, ndipo akatswiri amagwirizana kuti pafupifupi theka la matenda a maganizo amene amaoneka pa akuluakulu limayamba munthu asanafike zaka 18. Tanthauzo la ziŵerengero zimenezi nlachidziŵikire. Mwana wovutika maganizo sadzafika kwa katswiri wa maganizo ayi. Amene adzamuone ndi namwino wa pakiliniki ya kwao, ndipo zinthu zikathina, dokotala wa ana.

Nchifukwa chake nkoyenera kuti dokotala wa ana asulidwe mokwanira pa za maganizo asanayambe ntchito yake. Mfundo imeneyi ambiri amaivomera. Chimene chimaiŵalika nchakuti matenda a maganizo alibe chipangizo choyezera monga mmene malungo kapena chifuŵa chachikulu zilili. Magazi sawaonetsa, ndipo chithunzi cha ekisireyi sichiwajambula. Dokotala amawapeza pomvetsera mau, ndiponso mbali yaikulu ya chithandizo chake ndi mau omwewo. Motero maphunziro amene apatsa dokotala maina a matenda m'Chingerezi, koma osamphunzitsa mmene mwana ndi womlera amatchulira mavuto awo m'chiyankhulo cha pakhomo, akumtuma kumunda wopanda khasu. Dera la Tafara likuonetsa bwino lomwe kuti nkhaniyi siyongoganizira.

Tafara ndi Mabvuku ndi malokeshoni aŵiri oyandikana, kum'maŵa kwa Harare. Mabvuku idamangidwa m'zaka za m'ma 1950, Tafara nkutsatira m'zaka za m'ma 1960, mzindawo ukali kutchedwa Salisbury. Ambiri mwa amene adayamba kukhalamo anali makhukhi, osamala maluŵa ndi olera ana m'nyumba za Azungu ku Highlands ndi ku Greendale, ena nkumagwira ntchito pa fakitale ya simenti ku Manresa. Gawo lalikulu la anthuŵa lidachokera ku Nyasaland, ku Tete ndi kum'maŵa kwa Northern Rhodesia, ena pansi, ena pa magalimoto a ulere, ena kudzera kwa Mthandizi. Ochuluka sadabwererenso kwao, nasanduka matchona. Lero zidzukulu ndi zidzukulutudzi zawo zili m'sukulu za m'deralo. Gule wamkulu, amene Ashona amati zvigure, akali kutuluka pa maliro, mizikiti ya Ayao ilipo, ndipo malamulo aakulu a dziko a mu 2013 adaika Chicheŵa pa mndandanda wa ziyankhulo 16 zovomerezeka m'Zimbabwe.

Mwana wa m'banja lotere amaseŵera m'Chishona, amalemba mayeso m'Chingerezi, ndipo Chicheŵa amachimva kwa agogo ake, kaŵirikaŵiri nkumayankha m'Chishona. Popeza makolo ambiri adatsikira ku South Africa kukafuna maganyu, ndipo ena adatsogola ndi mliri wa Edzi, amene amapita ndi mwana kuchipatala nthaŵi zambiri ndi agogo omwewo. Chomwecho m'kachipinda ka dokotala mumakumana ziyankhulo zitatu: cha m'mabuku a dokotala, cha mwana, ndi cha amene akumlera.

Katundu amene ana a m'derali asenza sangadziŵike popanda kukumbukira zimene mabanja awo adadutsamo. Lamulo la unzika la mu 2001 lidachititsa kuti anthu ambiri obadwira m'Zimbabwe, koma makolo awo ali ochokera kunja, ayesedwe alendo. Malamulo a mu 2013 adabwezera unzika kwa obadwira m'dzikomo amene kholo lawo nlochokera m'maiko a SADC, komabe mu 2021 bungwe la Amnesty International lidafotokoza kuti zidzukulu zambiri za matchona zikali kusoŵa zikalata, ndipo mwana wopanda chikalata cha kubadwa amavutika ngakhale kulembetsa mayeso a Giredi 7. Mu 2005 ntchito yogumula nyumba ya Murambatsvina idasiya anthu pafupifupi 700,000 opanda pogona kapena popezera chakudya, malinga ndi lipoti la United Nations, ndipo ena mwa iwo adakatulidwa pa famu ya Caledonia, pafupi ndi Tafara pomwepo. Mu 2008 ndi 2009 kolera idagwira anthu oposa 98,000 m'dziko lonse nipha oposa 4,000, pa nyengo imene mipopi ya ku Mabvuku ndi Tafara inkatha miyezi yambiri osadontha madzi. Ana amene adaona zimenezi ndiwo makolo a lero. Pamwamba pa izi pabwera mankhwala ozunguza bongo, makamaka amene amatchedwa mutoriro ndi mankhwala a chifuŵa a BronCleer, amene avuta mpaka boma lidakhazikitsa ndondomeko yapadera yolimbana nawo mu 2024. Ndipo palinso kachilonda kosaoneka: mwana wa dzina la Phiri kapena Banda amene anzake amamuitana kuti bwidi kapena mubhurandaya amaphunzira msanga kubisa chiyankhulo cha kwao.

Mwana wosenza zoterezi sanena kuti wadwala maganizo. Amadandaula mutu, m'mimba, kapena mtima kugunda, amayambanso kukodza pamphasa atasiya kale, amakana sukulu, amene akumwa mankhwala otalikitsa moyo amayamba kudumphitsa masiku. Zonsezi zimafika kwa dokotala wa ana zitavala malaya a matenda a thupi. Komanso alipo matenda a thupi amene amavala malaya a misala, monga khunyu, zotsalira za malungo a muubongo, kugontha, kuchepa kwa magazi, ngakhale mphamvu ya mankhwala ena monga efavirenz, amene ankalotetsa odwala maloto oopsa. Wodziŵa kulekanitsa mbali ziŵirizi mwa mwana ndi dokotala wa ana, ndipo pa chifukwa chimenechi udindowu sangautule kwa wina.

Dziko la Zimbabwe lili ndi umboni wake wakuti mau a eni dera amachiza. Mu 1997 Vikram Patel ndi anzake adasindikiza mafunso 14 ofufuzira matenda a maganizo m'Chishona, amene sadawamasulire kuchokera ku Chingerezi kokha, koma adatolamo mau amene odwala eni ake amagwiritsa ntchito. Mwa mau amenewo lotchuka ndi kufungisisa. Mu 2006 dokotala Dixon Chibanda adayambitsa ku Mbare ntchito ya Friendship Bench, mmene agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi kunja kwa kiliniki nkumacheza ndi ovutika maganizo, potsata njira zitatu zimene adazitcha m'Chishona kuti kuvhura pfungwa, kusimudzira ndi kusimbisa, ndiko kuti kutsekula maganizo, kukweza ndi kulimbikitsa. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016, wa anthu 573 m'makiliniki 24 a m'Harare, adapeza kuti patatha miyezi 6, mwa anthu 100 alionse amene adakhala pabenchi pafupifupi 14 ndiwo anali adakali ndi zizindikiro za matendawo, pamene mwa amene adalandira chithandizo cha masiku onse anali pafupifupi 50. Kafukufuku ameneyu anali wa akuluakulu, koma mu 2022 padatuluka wina wosonyeza kuti njira yomweyi, itaperekedwa ndi achinyamata a bungwe la Zvandiri kwa anzawo amene ali ndi kachilombo ka HIV, idachepetsa mavuto a maganizo. Phunziro lake nlakuti chithandizo chidagwira chifukwa chidayankhula monga mmene anthu amayankhulira. Tsono ngati nzoona m'Chishona, palibe chifukwa choti zikhale zabodza m'Chicheŵa.

Wina angaganize kuti popeza ziyankhulo ziŵirizi nzapachibale, kumasulira nkosavuta. Chibale chomwecho ndicho msampha. Mau akuti kufungisisa adachokera ku mneni kufunga, pa msintho wosonyeza kuchita chinthu mwamphamvu. Chicheŵa chili nawo msintho womwewo, monga m'mau akuti kumvetsetsa ndi kuyang'anitsitsa, koma munthu amene waganizitsitsa amayamikiridwa kuti ngwanzeru, sayesedwa wodwala. Mcheŵa pofuna kunena za vutolo amati uje ali ndi maganizo, kapena maganizo amchulukira, kapena akuganiza kwambiri. Liu lakuti moyo m'Chishona limanena mtima, pamene m'Chicheŵa limanena kupuma ndi thanzi. Liu lakuti kutamba m'Chishona ndiko kuseŵera, ndipo funso lakuti kodi mwana akuseŵera ndi anzake nlofunika kwambiri pofufuza maganizo a mwana. Koma m'Chicheŵa kutamba ndi ntchito ya mfiti usiku. Agogo amene akhala m'Harare zaka 50 sangasokonezeke nazo, koma mlongo wawo wongofika kumene kuchokera ku Dedza akhoza kutuluka m'chipatalamo osadzabweranso.

Ngakhale m'Chicheŵa mwenimwenimo mau sayenera kutoledwa chisawawa. Ena pomasulira dzina la Chingerezi la matenda a chisoni chosatha amati matenda a kukhumudwa. Koma kukhumudwa kudayambira ku phazi logunda chitsa, ndipo pa za mumtima kumanena zoŵaŵa zobwera chifukwa cha cholakwa cha wina, zimene zimatha akapepesa. Mwana akafunsidwa ngati wakhumudwa amamva ngati akumfunsa amene wamlakwira, ndipo pamaso pa agogo ake adzakana. Liu lakuti misala nalo limatseka pakamwa pa banja lonse, pakuti limakumbutsa munthu wovula m'misika. Pakati pa kukhumudwa ndi misala pali mau ambiri amene dokotala ayenera kuwatchera khutu: nkhaŵa, kutaya mtima, kugwa mphwayi, kusweka mtima, mtima kukhala m'mwamba, kudzidzimuka kutulo, kubwebweta, kudzipatula. Liu lililonse lili ndi kulemera kwake, ndipo ambiri mwa iwo akuloza kumtima, osati kumutu. Dokotala amene wamva kuti mtima wa mwana ukuŵaŵa nathamangira kuuyeza ndi makina wachita bwino, koma akaupeza uli bwino nkumuuza mwanayo kuti palibe chovuta, wasiya nkhani isanayambe.

Chitsanzo china ndi tsempho, amene ena amati mdulo. Agogo akaona khanda likunyentchera ndi kutupa miyendo akhoza kunena kuti latsemphedwa, kutanthauza kuti mmodzi wa makolo adalumpha mwambo wa m'nyumba. Dokotala adziŵa kuti vutolo ndi kupereŵera kwa zakudya, ndipo ayenera kulichiza motero. Koma liulo lamuululira chinthu chimene sikelo singamuuze: kuti pakhomopo pali kulozana zala, ndipo mwina mai wa mwanayo sakugona. Kafukufuku amene Robert Stewart ndi anzake adachita ku Thyolo m'Malaŵi, wofalitsidwa mu 2008, adapeza kuti makanda a amai ovutika maganizo anali opinimbira kuposa anzawo. Dokotala amene aseka liu la tsempho wataya mpata wofunsa kuti, "Nanga inu mai, mukupeza bwanji mumtimamu?"

Chiyankhulo sichithera pa mau okha. Mwana woleredwa mwa Chicheŵa sayang'ana wamkulu m'maso, amayankha motsitsa mau, ndipo satsutsa agogo ake pagulu. Mabuku olembedwa ku Ulaya amaika kuzolika ndi kusayankhula pa mndandanda wa zizindikiro za matenda, motero dokotala wosadziŵa mwambo akhoza kuona matenda pamene pali ulemu. Choopsa koposa nchakuti akhoza kuona ulemu pamene pali matenda, pakuti mtsikana amene wasiya kuseka ndi kucheza amatamandidwa pakhomo kuti wakula, ngwofatsa. Funso lothandiza silakuti kodi mwanayu ngwofatsa, koma lakuti, "Agogo, kodi kufatsaku adabadwa nako, kapena kwayamba liti?" Palinso nkhani ya mwini mwana. Kwa Ashona nkhani zolemera za mwana zimapita kuchimuna, ndipo vatete, mlongo wa bambo, ali ndi mau. Kwa Acheŵa mwini mbumba ndi malume. Ku Tafara, kumene mitundu yakwatirana kwa mibadwo itatu, dokotala sangalote kuti banja lili mbali iti. Ayenera kufunsa kuti pakhomopo amamanga mfundo ndani, popeza malangizo operekedwa kwa munthu wopanda mphamvu amathera pachipata cha chipatala.

Zotsutsa zilipo, ndipo nzomveka. Choyamba nchakuti madokotala a ana m'Zimbabwe ngochepa, ambiri adapita kunja, ndipo otsalawo akulimbana ndi chibayo, kutsekula m'mimba ndi imfa za makanda. Kuwasenzetsa za maganizo nkuwonjeza mtolo pa munthu wotopa kale. Koma mtolowo ali nawo kale, kungoti sakuutchula dzina. Mwana wa mutu wosatha amene abwera kanayi, nayezedwa magazi kanayi, amadya nthaŵi ya dokotala ndi ndalama za agogo kuposa mphindi 10 za mafunso oyenera. Wachinyamata amene wamwa mankhwala oopsa, natsukidwa m'mimba, natulutsidwa popanda womfunsa chifukwa chake, akhoza kubweranso, kapena osabweranso konse.

Chachiŵiri nchakuti ana a ku Tafara onse amayankhula Chishona, ndiye Chicheŵa nchantchito yanji? Yankho nlakuti dokotala wa ana sachiza mwana yekha. Mbiri ya matenda amaimva kwa womlera, ndipo chithandizo chimakachitikira kunyumba. Agogo angagule tomato m'Chishona, koma za mwana wawo amene adamwalira ndi za mdzukulu amene akulira usiku amazilongosola bwino m'chiyankhulo chimene adayamwa. Pakasoŵa womva Chicheŵa, chizoloŵezi nkumuuza mwana yemweyo kuti amasulire. Pa chilonda cha mwendo zimenezi zingatheke, koma mtsikana wa zaka 13 sangamasulire madandaulo a agogo ake onena za iye mwini, ndipo sangaulule pamaso pawo za wachibale amene akumgwira thupi.

Chachitatu nchakuti madokotala akaphunzitsidwa za maganizo adzayamba kumata ana maina a matenda ndi kuwamwetsa mapiritsi. Mantha ameneŵa amatha ndi maphunziro abwino. Buku la malangizo la mhGAP, limene WHO idatulutsa mu 2010 nkulikonzanso mu 2016 kuti lithandize ogwira ntchito zachipatala amene sali akatswiri a maganizo, lili ndi mutu wonena za ana ndi achinyamata. Limaletsa kupereka mankhwala a matenda a chisoni kwa mwana wosafika zaka 12, ndipo limaika patsogolo kucheza ndi mwana, kulangiza womlera ndi kugwirizana ndi aphunzitsi. Dokotala wosaphunzitsidwa ndiye amathaŵira ku mapiritsi, pakuti alibe china chopereka.

Tsono maphunzirowo akhale otani? Sukulu ya zaudokotala ya pa Yunivesite ya Zimbabwe, imene idayamba mu 1963, imaphunzitsira m'zipatala zazikulu za Parirenyatwa ndi Sally Mugabe, chimene anthu amati Gomo. M'zipinda za odwala maganizo za m'zipatala zoterezi wophunzira amaona makamaka akuluakulu amene matenda awakulira. Nkofunika kuti wophunzira udokotala wa ana athenso milungu ingapo m'makiliniki a khonsolo ya mzinda monga a ku Mabvuku ndi Tafara, pambali pa anamwino, agogo a pabenchi ndi achinyamata a Zvandiri, kumene vuto limaoneka lidakali laling'ono. Aphunzire kufunsa mwana aliyense za tulo, chakudya, maseŵera, sukulu ndi zimene amaopa, monga momwe amafunsira za katemera. Azoloŵere kupempha womlera mwaulemu kuti, "Agogo, tapumulani panjapo pang'ono, ndicheze ndi mdzukulu wanuyu," ndi kufunsa wachinyamata mosapsatira ngati adaganizapo zodzipha, pakuti nzodziŵika kuti funsolo silibzala maganizowo, koma limatsekula njira ya chithandizo. Adziŵe kumene angatumize mwana wozunzidwa, monga ku Childline Zimbabwe ndi kwa a zosamalira anthu. Ndipo zonsezi zibwere pa mayeso, wophunzira ayesedwe akucheza ndi banja m'chiyankhulo cha banjalo, chifukwa chimene sichibwera pa mayeso ophunzira sachiŵerengera.

Sikuti dokotala aliyense m'Harare aphunzire Chicheŵa chonse ayi. Chofunika ndi kabuku kakang'ono ka mau a mumtima m'Chishona, m'Chicheŵa ndi m'Chiyao, kosonyeza tanthauzo la liu, kulemera kwake, ndi mau onyenga ofanana maonekedwe. Ndiponso kuti kiliniki iliyonse ya m'madera otere idziŵe wantchito wake womva Chicheŵa, aphunzitsidwe kumasulira ndi kusunga chinsinsi. Maziko a ntchitoyi alipo. Akatswiri a ziyankhulo a pa Yunivesite ya Zimbabwe adatulutsa mu 2004 mtanthauziramau wa zachipatala m'Chishona wotchedwa Duramazwi reUrapi neUtano, ndipo ku Zomba kuli likulu la kafukufuku wa ziyankhulo la Yunivesite ya Malaŵi, limene lidalemba Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Ku Thyolo mafunso a WHO ofufuzira maganizo adamasuliridwa kale m'Chicheŵa nayesedwa pa amai. Chotsala nchakuti a ziyankhulo ndi a zachipatala akhale pamodzi, popeza mutu umodzi susenza denga, ndipo mauwo akawatole kwa eni ake. Chicheŵa cha ku Tafara chasakanikirana ndi Chishona kwa zaka zoposa 50, motero mau otengedwa ku Lilongwe osayesedwa pa agogo ndi ana a m'deralo akhoza kukhala achilendo monga Chingerezi chomwe. Anamkungwi, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, ndi akuluakulu a gule, amene akhala akulangiza achinyamata kuyambira kale, ndiwo nkhokwe ya mau amenewo.

Akuluakulu adati m'mera mpoyamba. Nthenda ya maganizo imene yagwidwa mwana ali ndi zaka 12 imachizika ndi kucheza, ndi kusintha zina pakhomo ndi kusukulu. Yomweyo ikafika zaka 25 imakhala itamlanda kale sukulu, ntchito, mwinanso moyo. Madokotala a maganizo okwanira dziko lonse sadzapezeka m'badwo uno, koma dokotala wa ana alipo, ndipo iye ndiye amaphunzitsa anamwino ndi kulemba malangizo amene makiliniki amatsata. Iye akaphunzira kumva chimene agogo a ku Tafara akutanthauza ponena kuti mdzukulu wawo wagwa mphwayi, luso limenelo lidzatsikira kwa namwino, ndipo mwanayo adzathandizidwa pafupi ndi kwao, nthaŵi ikadalipo.